Sabata yosaka anthu a m'nyumba zakuseri

Ntchito yanga ya masiku onse ndi yauphunzitsi, koma pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 ndinali woyang'anira kagulu ka olemba anthu ku Lilongwe, chakumalire kwa Mtandire ndi Area 47. Tinayamba Lolemba pa 3 Seputembala, titanyamula matabuleti m'malo mwa mapepala, koyamba m'mbiri ya kalembera kuno kwathu.

Tsiku loyambalo mtsikana wina wa m'gulu langa anabwera akumwetulira kuti wamaliza mpanda wathunthu mosavuta. Mwini malo anamuuza kuti m'menemo amakhala anthu anayi. Nditapita kukaona, ndinapeza kuseri kwa nyumba yaikulu kuli mdadada wa zipinda zisanu ndi ziwiri, pakhomo lililonse pali mbaula yake, ndipo pachingwe panali matewera.

"Bambo, matewerawa ndi a ndani?"

"Aa, aphunzitsi, amenewo ndi alendi chabe. Mukawalemba, mawa a khonsolo andikwezera msonkho."

Zinanditengera theka la ola kuwafotokozera kuti zolembedwa pa kalembera sizipita kwa otolera msonkho. Anavomera, koma mwa nkhope yokha.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinkangogogoda pa zitseko zokhoma. Munthu wa ku Mtandire sadikira dzuwa: wakabaza, wogulitsa kaunjika, mayi wochapa zovala kumayadi, onse amakhala atanyamuka tambala asanasiye kulira. Tinasintha nthawi n'kumabwerera madzulo, ngakhale kuyenda ndi tabuleti kukada m'tinjira timeneti kumafuna mtima. Magetsi nawo ankathima pomwe tikufuna kutchaja.

Chomwe sindidzaiwala ndi cha Lachinayi, ndipo sichinachitike ku Mtandire ayi, koma kumayadi. Titadikira pageti, agalu akuuwa, mayi wa panyumbapo anatilandira bwino, natchula mwamuna wawo ndi ana atatu. Nthawi yonseyi mtsikana wina ankakolopa pakhonde. Nditafunsa ngati amagona pomwepo, anati inde, kuseri, chaka chachiwiri tsopano.

"Koma ameneyu kwawo ndi ku Dedza, akamulemba komweko."

Ku Dedzako makolo ake akauza wolemba kuti mwana wawo ali kutauni. Mapeto ake mtsikanayo sakanalembedwa paliponse, chonsecho akadwala malungo amakaima pamzere wa chipatala cha mumzinda muno, osati cha kwawo. Mayiwo sananame dala. Kwa ambiri a ife, "kwathu" ndi kumudzi, tauni ndi kobwera kudzasaka ndalama, olo munthu atakhalamo zaka makumi awiri. Ndikuganiza kuti maganizo amenewa amabisa anthu ambiri kuposa mantha a msonkho. Alonda nawonso ndi ovuta: usiku ali pageti la bwana, masana akugona m'chipinda chokhoma.

Zotsatira zitatuluka, dziko lonse linali ndi anthu 17,563,749, mzinda wa Blantyre 800,264, ndipo mzinda wa Lilongwe 989,318, kutsala pang'ono kukwana miliyoni. Nthawi zonse ndikaona nambala ya Lilongweyi ndimakumbukira matewera aja. Kalembera amachitika kamodzi pa zaka khumi, ndiye amene wadumphidwa amakhala wodumphidwa mpaka kalembera wina, chifukwa ziwerengero zonse zongoyerekeza za zaka zapakati zimachokera pa nambala yoyambayo. Okonza mapulani a makalasi, mipopi ya madzi, katemera ndi ndalama zopita kumakhonsolo amayang'ana pomwepo. Ngakhale pamene madera a aphungu anadulidwanso kuchoka pa 193 kufika pa 229, kuchuluka kwa anthu oyenera kuvota kunali pakati pa nkhaniyo. Dera lodzaza ndi alendi osalembedwa limaoneka laling'ono papepala, phungu mmodzi n'kumasenza anthu oyenera aphungu awiri.

Lachisanu ndinapempha amfumu a deralo kuti atithandize. Anatuma mnyamata kulengeza madzulo kuti wa lendi aliyense, ngakhale wogona pamphasa kwa mnzake, aonetsetse kuti walembedwa. Zinathandiza kuposa mawayilesi onse.

Loweruka m'mawa, ndikuunika zomwe anzanga analemba, bambo a mpanda uja anandipeza pagolosale.

"Aphunzitsi, pali chipinda china simunachione, chija chili pafupi ndi bafa. Mumagona anyamata asanu a ganyu yowumba njerwa."

Ndinafunsa nthawi yomwe amapezeka. Anati folo koloko m'bandakucha, apo ayi Lamulungu akachoka kumpira. Ndinasankha Lamulungu.