Loweruka la pansi pa boneti ku Winnipeg

Alamu anafika tisanamalize kumwa tiyi, atanyamula bokosi la masipanala ndi beseni lokhetsera madzi a mu injini. Mpando anaukana. "Tiyeni tiyambe dzuwa lidakalipo, alamu. Mwezi wa November uno 5 koloko isanakwane kukhala kutada kale."

Galimoto yathuyi tinagula kwa munthu amene anasamuka nayo kuchokera ku Vancouver, kumene nyengo yozizira imakhala ya mvula kwambiri kuposa chisanu. N'chifukwa chake inabwera yopanda kachingwe kaja kamene kamalendewera kumphuno kwa galimoto zambiri muno mu Manitoba, chigawo cha dziko la Canada. Mlendo akakaona amayesa kuti anthu onse kuno amayendera galimoto zamagetsi. Ayi, ndi za petulo zomwezi. Kachingweko kamapita ku block heater, chipangizo chotenthetsa madzi a mu injini pamene galimoto yagona panja. Mu January, usiku wa madigiri 20 pansi pa ziro sudabwitsa munthu, ndipo masiku ena kumapitirira 30. Zikafika pamenepo oyilo amalimba ngati chiponde, batire imatsala ndi mphamvu yosapitirira theka, sitata n'kumangobuula. Zokankha palibe, galimoto ndi ya otomatiki komanso msewu ndi madzi oundana okhaokha.

Ine ndinkafuna mtundu umene anthu ambiri ali nawo, uja wa mawati 400 umene umalowa mu buloko yeniyeniyo, thupi lachitsulo la injini. Amachotsa kachitsekero kamodzi kachitsulo kozungulira ka m'mbali mwa injini, pamalo pakepo n'kulowetsapo hita, moti imakhala yomira m'madzi. Alamu anaunika ndi tochi, n'kupukusa mutu. Pa injini yathu tizitsekeroto tabisala kuseri kwa mapaipi a ekizozi, ndipo mabawuti ake adyeka ndi dzimbiri chifukwa cha mchere wothira m'misewu. "Mukathyola limodzi la awa, mayi a ana anu ayenda pa basi mpaka Khirisimasi." Ndiye tinatsata zawo: hita ya kathanki ya mawati 1,000, imene imakhala kunja kwa injini n'kulumikizidwa ndi mapaipi awiri a labala.

Kukhetsa madzi sikunatenge nthawi. Alamu anangondiuza kuti nditsekere galu wa aneba kutali, chifukwa coolant wa ethylene glycol, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana, amatsekemera ndipo chiweto chikanyambita pang'ono pokha impso zimawonongeka.

Pamene panatidyera nthawi ndi posankha malo a kathankiko, ndipo apa mpamene pagona ntchito yonse. Kalibe pampu. Madzi amayenda okha: akatentha amapepuka n'kukwera, ozizira n'kulowa pansi kudzatenga malo awo, ndipo amangozungulira choncho mpaka buloko yonse itafunda. Kuti zimenezi zitheke, kathankiko kayenera kukhala pansi kwenikweni, kumunsi kwa madzi onse a mu injini. Paipi yolowetsa tinaitenga pa bowo lokhetsera madzi la m'munsi mwa buloko. Yotulutsa inayenera kukwera osatsikanso mpaka kukakumana ndi paipi ya hita ya m'kati mwa galimoto, pamene alamu anadulapo n'kuikapo cholumikizira cha mphanda.

Mawu akuti osatsikanso ndi osavuta kulemba. Pansi pa boneti pali lamba, pali mawaya, pali chitsulo chogwira injini, ndipo chilichonse chimafuna kuti paipi ichilambalale. Ndinapeza njira yooneka bwino, yodutsa pamwamba pa chitsulocho n'kutsika pang'ono isanafike pa mphanda. Alamu anaiyang'ana n'kugogoda ndi chala pamene yatumphukira.

"Apa pakhala mpweya, alamu. Mpweya ukakhala apa madzi sadutsa. Madzi akaima, hita iwiritsa omwe ili nawowo, kenako ipsa."

"Kungotsika pang'ono chonchi?"

"Pang'ono pomwepo."

Anasuntha kathankiko kupita kumbuyo, n'kupinda kachitsulo kogwirira, paipi n'kukwera bwinobwino. Sizikuoneka zokongola ngati mmene ndinakonzera ine, koma pansi pa boneti sipayang'ana munthu. Anandionetsanso muvi wolembedwa pa kathankiko. M'kati muli vavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha, ndiye ukatembenuza wagwira ntchito yachabe.

Masana mayi a ana anatiitana ku nsima, ya ufa wa m'sitolo ya anthu a ku West Africa, ndi nyemba. Zala zinali zitafa moti madzi osamba m'manja, ofunda chabe, ankaluma. Tikudya, alamu anakamba za kumene zinthuzi zinachokera. Si kutali ndi kuno. Ku Grand Forks, mu North Dakota ku America, kummwera kwathuku m'mbali mwa mtsinje womwewu wa Red, kunali katswiri wa zamagetsi dzina lake Andrew Freeman. Iye anapanga hita yolowa pamalo pa bawuti limodzi la pamutu pa injini, ndipo analandira patenti yake mu 1949. Isanabwere, anthu ankakhetsa oyilo madzulo kukagona naye m'nyumba, ena n'kumaika makala amoto pansi pa injini. Ndinaseka, chifukwa za makalazi si zachilendo kwa munthu amene anaonapo dalaivala wa lole ya dizilo akuvutika nayo m'mawa wa July ku Dedza.

Pa ntchito pawo alamu amakonza mathiraki oyenda mitunda italiitali, ndipo amenewo ambiri ali ndi mahita a Webasto kapena Espar, oyaka ndi dizilo wa mu thanki momwemo, osafuna soketi. Ndi abwino kwa munthu wogona pamsewu kopanda magetsi. Kwa ife amene pakhomo pali soketi, komanso kuntchito malo oimikapo galimoto ali ndi timitengo ta masoketi, ndalama zake n'zongotaya.

Titabwerera panja tinathira coolant watsopano. Wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amapirira mpaka madigiri 37 pansi pa ziro, ndipo alamu anawonjezera pang'ono kuti akhale magawo 60 pa 100. Chodabwitsa n'chakuti wosasakaniza konse amaundana msanga kuposa wosakaniza, choncho kuchulutsa kwambiri si nzeru. Kumudzi radiyeta timangothira madzi a pa mjigo n'kumapita. Kuno madzi okhaokha akaundana amafufuma n'kung'amba buloko.

Ndinatenga chingwe kuti ndiyese, alamu n'kundigwira mkono. Hita siyatsidwa mpweya usanatuluke. Tinaliza injini chitsekero cha radiyeta chili chotsegula, hita ya m'kati ili pamapeto, n'kumadikira kuti thermostat, vavu yolola madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha, itseguke. Madzi ankatsika, thovu n'kutuluka, ife n'kuwonjezera. Alamu ankafinya mapaipi ndi dzanja, ankayang'ananso pa makilampu onse ngati pakudontha. Kenako tinazimitsa n'kuisiya kuti izizire, apo ayi sitikanadziwa ngati kutenthako ndi kwa hita kapena kwa injini.

Podikirapo tinamanga chingwe. Chinadutsa kutali ndi ekizozi ndi lamba, tinachimanga ndi timalamba tapulasitiki, n'kutulukira pa girilu. Alamu salola chingwe chopanikizidwa ndi boneti, akuti chimaduka m'kati osaoneka, ndipo galimoto zimene zimapsa nyengo yozizira zambiri zimayambira pa zingwe zotere. Chowonjezera chochokera kukhoma anakana changa cha m'nyumba, anandipatsa chawo chokhuthala chopangidwira panja, chimene sichiuma ndi kuzizira.

Kutayamba kuda tinalumikiza. Posakhalitsa kathankiko kanayamba kulira chapansipansi, paipi ya pamwamba n'kufunda, ya pansi ili yozizirabe. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Zikanatentha zonse ziwiri mofanana, kathankiko n'kumangodzizimitsa, bwenzi tikudziwa kuti madzi sakuyenda.

Mkangano womaliza unali wa ine ndi mayi a ana. Iwo amati ingokhala yolumikizidwa usiku wonse, mtima ukhale m'malo. Ine ndinagula kale timer, kachipangizo koyatsa magetsi pa nthawi imene waika. Maola atatu kapena anayi amakwana, kupitirira apo injini siwonjezeranso kufunda kwenikweni, umangotenthetsa mpweya wa mu Manitoba ndi ndalama zako. Ndiponso kukakhala kuti sikunafike madigiri 15 pansi pa ziro, galimoto yabwinobwino imalira yokha. Alamu anakana kuweruza mlandu wa mlongo wawo, anangoti hita siithandiza batire, ndipo yathuyi ndi yokalamba, tikaiyezetse December asanafike.

Timer ndaika kuti iyake 3 koloko m'bandakucha, popeza mayi a ana amanyamuka 6:30 kupita kuntchito. Chingwe ndachikoleka pa galasi la mbali ya dalaivala kuti asachoke nacho chili kukhoma. Coolant wakale ali m'zigubu ziwiri zotseka m'shedi, ndikamusiya Lolemba kumalo olandirira zinyalala zoopsa.