Chimene chimalimbitsa tsinde la mbande ya paini

Mbande ya paini ikangomera, chimene chimaiimika chilili ndi madzi basi. Maselo ake, tizipinda ting'onoting'ono topanga thupi la chomera, amakhala otupa ndi madzi ngati chubu cha njinga chopopedwa bwino, ndipo khoma la selo iliyonse limakhala lopyapyala, lopangidwa ndi timaulusi totchedwa selulozi, tomatidwa ndi zinthu zonga ulimbo zotchedwa hemiselulozi ndi pekitini. N'chifukwa chake mukaiwala kuthirira tsiku limodzi lotentha, mbande imazyolika. M'masabata oyamba omwewa nkhungu za m'dothi, Pythium ndi Fusarium, zimaoletsa tsinde polekezera dothi, makamaka m'machubu obzalamo mbande olowa madzi.

Selo ikasiya kukula imamanga khoma lachiwiri mkati mwa loyamba. Khomali lili ndi magawo atatu, lapakati ndilo lochindikala. Kenako liginini, chinthu cholimbitsa thabwa, amalowa, kuyambira m'ngodya za maselo, n'kutseka mipata yonse ngati matope pakati pa njerwa. Thabwa la paini lokhwima limakhala ndi selulozi wokwana 40 mpaka 45 pa 100, liginini 25 mpaka 30. Mukafuna kuona pamene ntchitoyi yafika, dulani kachidutswa kopyapyala ka tsinde, donthezani mankhwala otchedwa phloroglucinol ndi asidi wa hydrochloric: polowa liginini pamafiira.

Zolakwika zambiri m'nazale za paini wa mitundu ya Pinus patula ndi Pinus kesiya, kaya ku Chikangawa kaya ku Zomba, zimachokera m'chifundo. Feteleza wa nayitrojeni wochuluka ndi mthunzi wosachotsa zimatalikitsa mbande khoma lisanakhwime. Imaoneka yobiriwira bwino, koma ikafika kumunda imagwa. Mchere wa kopa ukasowa m'dothi, ma enzayimu (zinthu zofulumizitsa ntchito m'maselo) ena omanga liginini amafooka ndipo tsinde limapindika. Mchere wa boroni ukasowa, pekitini sagwirana, nsonga imauma.

Chimene ambiri sachilabadira ndi chubu chopendekeka. Paini wopendekeka amadziwongola pomanga thabwa lapadera kunsi kwa tsinde, la liginini wochuluka ndi selulozi wochepa, timaulusi take titagona mopingasa. Limakankha tsinde m'mwamba ndithu, koma mtengo wokula chopendekeka umadzatulutsa matabwa ophwanyika msanga ndi opotoka akamauma.

Choncho masabata 4 mpaka 6 musanawokere, chotsani mthunzi pang'onopang'ono, chepetsani madzi, siyani nayitrojeni, dulani mizu yotulukira pansi pa chubu, ndipo machubu aime mowongoka motalikirana kuti mphepo izigwedeza mbande. Tsinde likasanduka lofiirira m'munsi, ndipo mukalipinda ndi chala libwerera lokha, mbande yakonzeka.