Mmene ndinasonkhanitsira masewero onse a Maple Leafs pa kanema wanga

Munthu ukayamba kutsatira hockey, masewera a pa ayezi, kuno ku Toronto ku Canada, umaganiza kuti ukalipira tchanelo chimodzi cha masewera ndiye kuti wathana nazo. Ayi ndithu. Mu nyengo ya 2024-25 timu ya Toronto Maple Leafs inali ndi masewero 82, monga timu ina iliyonse mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, koma masewerowo anali m'manja mwa makampani osiyanasiyana. Ndisanatulutse ndalama iliyonse, ndinafuna kudziwa kaye kuti mwini wa masewero a tsiku lililonse ndani.

Ndinasindikiza ndandanda wa nyengo yonse, womwe umasonyeza tchanelo pambali pa tsiku, n'kuumata pachitseko cha firiji. Masewero oonetsedwa m'dziko lonse ndinawazunguliza ndi cholembera chofiira, a m'chigawo chathu chokha ndi chabuluu. Kusiyana kumeneku ndiye phata la nkhani. Ufulu woonetsa masewero m'dziko lonse umagulitsidwa ndi ligi, pomwe wa m'chigawo umagulitsidwa ndi timu iliyonse payokha, kwa amene yagwirizana naye.

Ofiira aja mwini wake anali Rogers. Mu November 2013 kampaniyi inagula ufulu wa dziko lonse la Canada kwa zaka 12 pa mtengo wa madola 5.2 biliyoni a ku Canada, kuyambira nyengo ya 2014-15, ndipo imaonetsa masewero pa matchanelo ake a Sportsnet. Koma ndinayamba ndi zaulere. Pulogalamu ya Loweruka usiku ya Hockey Night in Canada inayamba kuoneka mu 1952 pa CBC, kanema wa dziko la Canada, ndipo Rogers itagula ufulu inalola kuti ipitirire kuoneka pamenepo, ngakhale kuti ndalama za otsatsa malonda zinayamba kupita kwa Rogers. CBC ya ku Toronto imaulutsa kuchokera pansanja ya CN Tower. Ndinagula ka eriyo kakang'ono kosalala ngati pepala, ndinakamata pagalasi la zenera loyang'ana kumene kuli nsanjayo, ndinauza TV kuti isake matchanelo, chithunzi n'kubwera chowala bwino. Leafs kawirikawiri imasewera Loweruka 7 koloko madzulo, choncho masiku ambiri ofiira ndinawachonga popanda kulipira kalikonse. Anthu ambiri obwera kumene sankadziwa zimenezi, ndipo zinkandiwawa kuona munthu akulipira chinthu chimene chinkadutsa kwaulere pamwamba pa denga lake.

Otsala ofiira anali a Lachitatu pa Sportsnet, ndi ena a Lolemba. A Lolembawo, kuyambira nyengo imeneyo, anasamukira ku Prime Video ya Amazon, yomwe inagula gawo limenelo kwa Rogers kwa zaka ziwiri. Pa chingwe cha TV sankapezeka, anali a pa intaneti pokha.

Abuluu ndiwo anandidyera nthawi. Masewero a m'chigawo a Leafs ndi ogawidwa pakati pa Sportsnet Ontario ndi TSN4, tchanelo cha kampani ya Bell. Chifukwa chake chili pa umwini: kwa zaka zambiri Rogers ndi Bell, ngakhale ndi opikisana pa malonda, anali ndi magawo ofanana mu kampani ya MLSE, mwini wa timuyi, ndipo anagawana masewero. Mu 2024 Rogers inalengeza kuti ikugula gawo la Bell pa madola 4.7 biliyoni, koma Bell inasungabe mwayi woonetsa masewero ake. Kwa woonera ngati ine, tanthauzo lake linali lakuti Sportsnet yokha siikwana. Ndinalembetsa Sportsnet+ ndi TSN pa intaneti, zonse zolipira mwezi ndi mwezi. Ndinasankha dala za pamwezi chifukwa ndime ya ndampondeponde yolimbirana chikho cha Stanley Cup, yomwe imayamba mu April, yonse ili m'manja mwa Rogers. Nyengo yanthawi zonse itangotha, TSN ndinaiyimitsa.

Tsopano nkhani ya blackout, kutsekedwa kwa masewero ena m'madera ena, yomwe imasokoneza ngakhale obadwira konkuno. Dziko la Canada analigawa ngati mmene mfumu imagawira minda, timu iliyonse ndi malire ake. Leafs ili ndi mbali yaikulu ya Ontario. Kum'mawa kwa Ontario, Quebec ndi zigawo za kunyanja ya Atlantic n'kwa Ottawa Senators ndi Montreal Canadiens. Alberta n'kwa Edmonton Oilers ndi Calgary Flames, British Columbia n'kwa Vancouver Canucks, Manitoba n'kwa Winnipeg Jets. Masewero a m'chigawo saloledwa kuoneka kunja kwa malirewo pa tchanelo wamba. Ukhoza kukhala kuti walipira TSN yonse, koma usiku umene Senators ikusewera pa TSN5, iwe uli ku Toronto, pagalasi pamangobwera uthenga woti masewerowa sakuonetsedwa m'dera lako. Pa chingwe amayang'ana adiresi ya nyumba, pa intaneti amayang'ana kumene foni kapena kompyuta yako ili panthawiyo. Choncho ukakwera sitima kupita ku Ottawa kukacheza, masewero abuluu a Leafs umawasiya m'mbuyo.

Mnzanga wina amene anasamukira kuno kuchokera ku Edmonton ndi wokonda Oilers, makamaka kaputeni wawo Connor McDavid. Tinakhala pansi ndi ndandanda wa timu yake, ndipo njira yake inatuluka yosiyana ndi yanga. Iye TSN sinali yofunika kwenikweni. Chimene anafunika ndi Sportsnet+ Premium, gawo lokwera mtengo lomwe limatsegula masewero a m'zigawo zina. Apa pali chinthu choti muchimvetse bwino: Premium imakupatsa masewero a kunja kwa dera lako, koma siikupatsa a m'dera lako amene ali pa TSN. Ine ndikanaigula, masiku a TSN4 akanakhalabe otsekeka. Funso loyamba si lakuti umakonda timu iti, koma umagona kuti.

Chifukwa cha malirewa ndimachimva. Kampani imene yalipira timu ndalama zambiri ikufuna kuti anthu a m'deralo aonere kwa iyo. Komabe sindiona chilungamo kuti masewera amene dziko lonse limawatcha ake azifuna malipiro atatu osiyana kuti mwana atsatire timu ya mumzinda wake, makamaka timu ngati Leafs imene anthu akhala akuidikira kuyambira 1967 kuti itengenso chikho.

Mu April 2025 Rogers ndi NHL anasainirana mgwirizano watsopano wa zaka zina 12, wa madola 11 biliyoni, woyamba mu nyengo ya 2026-27. Mtengo wawirikiza kawiri ndi kupitirira, ndipo kagawidwe ka masewero kakhoza kusinthanso. Ndandanda watsopano ukatuluka, muusindikize ndi kuuchonga ndi zolembera ziwiri zija nyengo isanayambe, musanalembetse tchanelo chilichonse.