Thalauza langa ku Mtendere

Poti mlamu wanga wayamba kale kuimwaza nkhaniyi pa WhatsApp, ndipo ena mwa inu mwayamba kundipatsa moni wakuti "mwaswera bwanji a Thewera", lekani ndiikambe ndekha. Inde, thalauza linanyowa pamaso pa apongozi ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka muno. Inde, linanyowa pamalo pomwe mukuganizapo. Koma mlandu ndi wa foni pamodzi ndi app ija yomvera nyimbo, chikhodzodzo changa chilibe chifukwa.

Linali tsiku lokaonekera kwa makolo a mtsikana, pakati pa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kuti mtima ukhale m'malo, nyimbo ndinazitsegula ndikadali pa siteji ku Matero. Makutu anga ndi osankha, ndiye ndinaika pamlingo wapamwamba, uja wa 320 kbps womwe umameza pafupifupi 144 MB pa ola. Bandulo inalipo. Batire ndilo linali lanjala chifukwa magetsi anapita usiku, choncho ndinalumikiza foni ku power bank. Chiyambire chilala cha 2024, madzi atachepa ku damu lamagetsi la Kariba, ndani mu Lusaka muno amayenda wopanda power bank? Zonse ziwiri ndinazilonga m'thumba limodzi la thalauza la suti yobwereka, lotuwa mbee.

Mu minibasi tinathinana anayi pampando. Tikudutsa Kalingalinga pamsewu wa Alick Nkhata, mayi amene ndinagundana nawo ntchafu anasuntha, nandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Bambo, mwanyamula mbatata yootcha m'thumbamo?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Amalume, omwe ndiwo ankhoswe anga, ndinawapeza pa geti akupukuta thukuta. Pafupi panali kamwana kogulitsa ma ayisi buloko, ndinagula yachinanazi, yachikasu chenicheni. Nditangoluma pakona ndi kuyamwa kamodzi, amalume anandidzuma.

"Iwe mphwanga, ukalowa m'nyumba ya eni pulasitiki ili kukamwa? Taya msanga!"

Nditaye ndalama yanga? Komanso taganizani bwino abale: mwendo ukupsa, chozizira chili m'manja. Ngakhale injiniya wa ku yunivesite ya UNZA akanaganiza zomwe ndinaganiza ine. Ndinailowetsa m'thumba lomwelo, pakona polumidwa pakuyang'ana kumwamba, mwaluso ndithu. Timahedifoni ndinativula n'kutiponya m'thumba la shati osatibwezera m'kabokosi kake. Foni inaona Bluetooth ikadalipo, ndiye inangopitiriza dansi yake.

Malamulo a m'nyumba ija mukuwadziwa. Maso pansi, pakamwa chete, manja pamawondo. Kupisa dzanja m'thumba apongozi ali pomwepo ndi mwano woti ungakulipiritse nkhuku. Anandipatsa kampando kakafupi, koti mawondo amafika pachifuwa, ndipo nditakhala ndinamva thumba likupendekeka. Chomwe chinali kumwamba chinapita pansi.

Bambo aang'ono a mtsikana anatsegula ndi pemphero, lija loyambira kwa Adamu. Nyumba yonse zii. Ndiye pachifuwa changa panamveka kaphokoso: tsi-tsi-tsi, tsi-tsi-tsi. Agogo a mtsikana, atakhala pamphasa moyang'anana nane, anatsegula diso limodzi.

Dontho loyamba ndinalimva pemphero lili kwa Abulahamu. Linali lozizira, ndipo kunena zoona ndinalilandira ndi chimwemwe. Linayenda pang'onopang'ono, osathamanga, likuganiza kolowera. Likanatha kupita kunja kwa ntchafu, kumene kulibe mboni. Ayi, linasankha m'kati. Lachiwiri linali lofunda kale, poti foni inali itayamba kugwira ntchito yosungunula. Tikufika kwa Mose, ntchafu imodzi yomweyo inali ndi nyengo ziwiri, Okutobala kumtunda, Juni kumunsi. Ndinasuzumira pansi ndi diso lakumanzere. Banga linali likukula mwaulemu, lachikasu, pa nsalu yotuwa, ndipo m'mphepete mwake munayamba kufanana ndi mapu a Zambia, mpaka kamchira kaku Eastern Province. Ndinapanikiza mawondo. Kupanikizako ndiko kunafinya pulasitiki. Pa "Ameni", panamveka do, do, do pa simenti yopolishidwa bwino, yofiira, ndipo kamtsinje kananyamuka ulendo wolunjika ku nsapato za apongozi aamuna.

Palibe analankhula. Amalume anawomba m'manja n'kuyamba mawu awo ngati kuti sakuona, koma khutu lawo linali kunjenjemera. Apongozi aakazi ananong'oneza kamtsikana, kanabwera chogwada n'kundiyala chitenje pamiyendo. Agogo anati, "Musamuseke mwana wa eni, ndi mantha. Agogo anu aamuna anakomoka tsiku lotere." Ndinafuna kufotokoza, amalume anandiponda chala.

Ikanathera pamenepo bwenzi ndili munthu. Koma zinabwera nyerere. Zinachokera kuseri kwa kabati, mzere wake woongoka, zinafika pa kadziwe kanga n'kuyamba msonkhano. Mumtima ndinati zikomo Ambuye, mboni zafika, aliyense aona kuti ndi zotsekemera. Agogo anawerama, anaziyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anadzuka nkhope itagwa.

"Kalanga ine. Mnyamatayu ali ndi shuga."

Titatuluka, amalume sanandilankhule mpaka pa siteji. Foni ndinaitulutsa ikunanda, yotentha yosagwirika, batire lili pa 3 peresenti, chikhalirecho ili pa power bank tsiku lonse. Lolemba ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku Katondo Street. Anainunkhiza kaye.

"Bosi, iyi mwaiphika ndi chinanazi?"

Atamva nkhani yonse anayamba wakhala pansi, kenako anandiwerengera. Nyimbo za pa intaneti foni imazikoka mosalekeza, ndipo netiweki ikafooka, monga m'nyumba zina za m'komboni, imawonjezera mphamvu kuti ifikire nsanja. Kumeneko ndi kutentha. Kutchaja nakonso ndi kutentha. Sikirini ndinaisiya yosakiya, timavidiyo ta mu app tija tobwerezabwereza tikuvina m'thumba mopanda woonera. Opanga mafoni amanena kuti zipangizozi zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, ndipo batire la lithium likatentha kwambiri foni imayamba yaleka kutchaja kuti idziteteze. Ndiye power bank inangokhala mlendo, nyimbo zikudya zomwe zinatsala.

"Muzichita download nyimbo zanu pa WiFi, bosi, muzimvera data itazima. Ikatentha, ivuleni kava, muiike pamthunzi. Osati pa ayisi, osati mu firiji. Imachita thukuta m'kati."

Mwaona? Pa zinthu zonse anatchulazo, zambiri ndi zochita za foni yokha. Ine changa chinali chifundo basi.

Polowera chaja anatsukapo, ndinalipira. Suti mwini wake anakana kuilandira. Ku Mtendere anatilola, ankhoswe agwirizana, za ukwati zikuyenda. Koma ndinapitako Lamlungu lapitali, aliyense anapatsidwa Fanta, ine anandibweretsera tiyi wopanda shuga ndi mbale ya therere. Agogo anakhala pambali panga mpaka ndinamaliza.