Zimene mkonzi wa journal ya zachipatala amayamba kuona pepala lanu lisanafike kwa owunika

Mapepala ochuluka a kafukufuku wa zachipatala amabwerera kwa eni ake asanaonedwe n'komwe ndi katswiri wowunika. Amabwezedwa ndi mkonzi wa journal, magazini yosindikiza kafukufuku, kapena ndi womuthandiza amene ntchito yake ndi kufufuza ngati zonse zofunika zilipo. Zolakwika zina mumazikonza madzulo amodzi: mawu achuluka, tebulo laikidwa molakwika, kalata yoperekeza pepala yaiwalika. Koma zilipo zina zimene zinalakwika kale tsiku lomwe munayamba kulemba odwala m'kaundula, ndipo Chingerezi chosalala chotani sichingazikonze. N'chifukwa chake tsamba la malangizo kwa olemba, lija limatchedwa Instructions for Authors, muyenera kuliwerenga kafukufuku asanayambe, osati usiku woti mawa mutumize.

Ma journal ambiri a zachipatala amatsata malangizo a ICMJE, komiti ya akonzi yomwe inachokera ku kagulu kamene kanakumana ku Vancouver m'chaka cha 1978. Malawi Medical Journal, imene imatuluka pansi pa Kamuzu University of Health Sciences ndi Medical Association of Malawi ndipo imapezeka pa PubMed ndi pa AJOL, masamba a pa intaneti opezerapo mapepala a kafukufuku, nayonso imayembekezera zinthu za mtundu womwewu. Chiwerengero cha mawu, matebulo ndi zithunzi chimasiyana journal ndi journal, koma maziko ndi amodzi.

Tiyambe ndi zosakonzeka m'mbuyo. Choyamba ndi chilolezo cha komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu ochita nawo kafukufuku. Kuno kwathu ambiri amapita ku COMREC, komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena ku NHSRC, komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo ngati mukuyesa mankhwala pa anthu, PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, liyeneranso kuvomereza. M'pepala mulembe dzina la komitiyo ndi nambala ya chilolezo, osangoti "chilolezo chinaperekedwa". Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa kafukufuku wowerenga mafayilo akale a odwala. Munthu amaganiza kuti poti sanalankhule ndi wodwala aliyense, ndipo dokotala wamkulu wa chipatala anamulola kulowa m'chipinda cha mafayilo, basi zatheka. Kalata ya mkulu wa chipatala kapena ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma, ndi chilolezo cholowera pamalo, si chilolezo cha komiti. Ngakhale pamene sipakufunika kupempha wodwala aliyense payekha, amene amanena kuti sizikufunika ndi komiti, osati wofufuza. Ndipo makomiti kawirikawiri savomereza kafukufuku amene wachitika kale. Mkonzi akaona kuti deta inasonkhanitsidwa mu Malichi koma chilolezo chinatuluka mu Ogasiti, nkhani imathera pomwepo.

Chachiwiri ndi kulembetsa kafukufuku woyesa mankhwala kapena njira ina iliyonse ya chithandizo. Kuyambira 2005, ma journal otsata ICMJE amafuna kuti kafukufuku wotere akhale atalembetsedwa m'kaundula wodziwika munthu woyamba asanalowe, kapena pa nthawi imene akulowa. PACTR, kaundula wa mu Africa muno, ndi waulere, chimodzimodzinso ClinicalTrials.gov. Anthu ena amaganiza kuti lamuloli ndi la mankhwala atsopano okha. Ayi. Mukagawa amayi oyembekezera m'magulu awiri, ena kumawatumizira uthenga wa pafoni wowakumbutsa za sikelo, ena osawatumizira, n'cholinga choona ngati zikusintha umoyo wawo, ameneyo ndi kafukufuku wofunika kulembetsa. Chifukwa chake n'chomveka: m'kaundula mumanena chinthu chachikulu chimene mukufuna kuyeza zotsatira zisanadziwike. Wowunika amatsegula kaundulayo n'kuyerekeza ndi pepala. Ngati munalemba kuti mudzayeza imfa pa tsiku la 28, koma pepala likukamba za masiku ogonera m'chipatala chifukwa ndi pamene panaoneka kusiyana, adzafunsa. Nambala yolembetsera imaikidwa kumapeto kwa abstract, chidule cha pepala. Kuyambira pa 1 Julayi 2018, pepala la kafukufuku wotere liyeneranso kukhala ndi mawu onena ngati deta idzagawidwa kwa ofufuza ena, iti, liti, komanso kudzera njira yanji.

Chachitatu chimakhudza kwambiri amene akulemba za wodwala mmodzi, zija timati case report. Pamafunika chilolezo cholembedwa cha wodwalayo, kapena cha kholo ngati ndi mwana, kapena cha wachibale ngati anamwalira, chovomereza kuti nkhani yake ndi zithunzi zake zisindikizidwe. Fomu yovomera opaleshoni si imeneyo. Kudetsa maso pa chithunzi ndi kamzere kakuda sikubisa munthu, ndipo ICMJE inanena kale kuti n'kosakwanira. Yang'anitsitsani pakona pa chithunzi cha X-ray kapena cha sikani: nthawi zambiri dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya kuchipatala zimakhala pomwepo, mwa zilembo zing'onozing'ono zoyera. Dzina la mudzi nalonso lichotseni. Matenda osowa, zaka za munthu ndi dzina la T/A zikakhala pamodzi, aliyense wa kuderalo amudziwa. Chilolezochi chitengeni wodwala akadali pa wodi, chifukwa akatuluka, nambala ya foni imene inalembedwa m'fayilo imakhala ya mlamu wake, ndipo mwina inasiya kugwira ntchito.

Nkhani ya mayina a olemba ndiyo imadanitsa anthu. ICMJE ili ndi zinthu zinayi, ndipo wolemba aliyense ayenera kukwaniritsa zonse: kuthandiza mokwanira pokonza kafukufuku, posonkhanitsa deta kapena poitanthauzira, kulemba pepala kapena kulikonza mozama, kuvomereza pepala lomaliza, ndi kuvomera kudzayankha mafunso akadzabuka. Kupeza ndalama kokha, kapena kukhala mkulu wa dipatimenti kokha, sikupanga munthu kukhala wolemba. Tikudziwa tonse kuti kuuza abwana zimenezi si nkhani yapafupi, n'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana za mayina ndi ndondomeko yake polemba protocol, chikalata chofotokoza mmene kafukufuku adzayendere, zinthu zikadali zozizira. Mbali inanso imene imaiwalika ndi iyi: anamwino ndi makilinikala ofisa amene anagwira ntchito yeniyeni yosonkhanitsa deta ayenera kupatsidwa mwayi wowerenga ndi kukonza pepala kuti akwanitse zinthu zinazo, osangowaponya m'gawo lothokoza. Amene mwawathokoza m'gawolo muwapemphe kaye chilolezo, ma journal ena amafuna chikhale cholembedwa. ChatGPT ndi zina zotere sizingakhale wolemba chifukwa sizingayankhe mlandu. Ngati munazigwiritsa ntchito, nenani kuti munazigwiritsa ntchito pati. Kuwonjezera kapena kuchotsa dzina pepala litatumizidwa kale kumafuna siginecha ya olemba onse.

Tsopano pepala lenilenilo. Kapangidwe kake n'kodziwika: mawu oyamba, njira, zotsatira, kukambirana. Mawu oyamba akhale aafupi, ndime zitatu kapena zinayi, zothera pa funso limene kafukufuku akuyankha. Palibe chifukwa choyambira ndi kufotokozera madokotala kuti malungo amafala ndi udzudzu.

Gawo la njira ndi pamene wowunika amakhalitsa, ndipo pali mndandanda wothandiza pa mtundu uliwonse wa kafukufuku: CONSORT pa kafukufuku wogawa anthu m'magulu mwamaere, STROBE ya mfundo 22 pa kafukufuku wongoona zochitika, PRISMA 2020 ya mfundo 27 pa kusanthula mapepala osindikizidwa kale, CARE ya mfundo 13 pa case report, STARD pa njira zoyezera matenda, COREQ pa kafukufuku wocheza ndi anthu. Yonse ili pa tsamba la EQUATOR Network. Ma journal ambiri amafuna muutumize mndandandawo mutalemba nambala ya tsamba pamene mfundo iliyonse yayankhidwa. Musaudzaze mongothana nazo. Mukafika pa mfundo yofunsa mmene munapezera chiwerengero cha anthu, kapena zimene munachita ndi deta yosowa, n'kupeza kuti pepala silinanene, bwererani mukalembe. Tanthauzo la chilichonse linenedwe mwa manambala. "Ana okomoka ndi malungo" si tanthauzo. "Ana amene Blantyre Coma Score yawo, muyezo wa kukomoka, inali 2 kapena kutsika" ndiye tanthauzo. Ngati mafunso anamasuliridwa m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, nenani amene anamasulira ndiponso ngati anabwezeredwa m'Chingerezi kuti muone ngati tanthauzo silinasokonekere. Pulogalamu yowerengera, kaya Stata, R kapena SPSS, itchulidwe ndi nambala ya mtundu wake.

Pa zotsatira, chimene chimachotsa chikhulupiriro msanga ndi manambala osagwirizana. Tiyerekeze kuti abstract ikuti odwala anali 312, tebulo loyamba amuna ndi akazi akuphatikizana kukhala 309, ndipo chithunzi chosonyeza mmene anthu analowera ndi kutulukira chikuti 315. Mwina pali chifukwa chabwino, monga atatu amene sanalembedwe ngati ndi amuna kapena akazi, koma ngati simunanene pansi pa tebulo, wowunika amayamba kukayikira nambala iliyonse. Peresenti iliyonse ikhale ndi manambala ake, 45 mwa 120, osati 37.5% yokha. P, nambala yosonyeza mwayi woti kusiyana kotere kuoneke mwangozi chabe, isalembedwe 0.000 ngakhale kompyuta itatulutsa choncho, lembani P<0.001. P yokhanso siikwanira, ikani kukula kwa kusiyanako ndi 95% CI yake, malire amene kusiyana kwenikweni kukuyembekezeka kukhalamo. Miyezo isasakanikirane: makina ena a shuga amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 18, choncho 7 mmol/L ndi 126 mg/dL ndi shuga mmodzi yemweyo. Mankhwala alembedwe ndi dzina lake lenileni, paracetamol osati Panado. Zimene zili m'tebulo musazibwerezenso zonse m'ndime.

Matebulo apangidwe mu Word momwemo kuti athe kukonzedwa, asakhale chithunzi chojambula pa sikirini. Zithunzi zitumizidwe pazokha, kawirikawiri TIFF kapena JPEG ya 300 dpi kupita m'mwamba. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa kale ndipo sichingabwerere mwakale, ndiye sungani choyambirira chochokera mu kamera kapena mu maikulosikopu.

Abstract, kawirikawiri ya mawu 250 mpaka 300, ilembedwe pomaliza, ndipo musaikemo nambala kapena mfundo imene mulibe m'pepala. Mawu ofufuzira atengedwe mu MeSH, mndandanda wa mawu a zachipatala umene PubMed imagwiritsa ntchito. Maumboni a mapepala ena amalembedwa mwa kalembedwe ka Vancouver m'ma journal ambiri: manambala motsatana ndi mmene akuonekera m'nkhani, olemba asanu ndi mmodzi oyamba kenako et al., kutanthauza "ndi ena". Mapulogalamu aulere otchedwa Zotero ndi Mendeley amasanja zimenezi, koma amakopera zolakwika mokhulupirika, choncho tsegulani umboni uliwonse muone. Amene anapempha chatbot kuti iwapezere maumboni aonetsetse kawiri, chifukwa imatha kupeka pepala lokhala ndi mutu wokongola ndi olemba enieni koma loti kulibe.

Potumiza pamafunika kalata yaifupi kwa mkonzi, tsamba limodzi: funso linali lotani, mwapeza chiyani, chifukwa chiyani owerenga journal imeneyi angafune kudziwa, ndi chitsimikizo choti pepalali silinatumizidwe kwina. Kutumiza ku ma journal awiri nthawi imodzi n'koletsedwa, ngakhale woyambayo atachedwa miyezi inayi. Lembani kalata yolichotsa kaye, mulandire yankho, kenako mutumize kwina. Ngati linaikidwa pa medRxiv, tsamba loikapo mapepala asanawunikidwe, kapena linachokera mu thesis, nenani. Wolemba aliyense adzaze fomu yonena za ndalama kapena ubale umene ungakhudze zotsatira, ndipo atsegule ORCID, nambala yaulere ya manambala 16 imene imathandiza kwambiri kuno kumene a Banda ndi a Phiri a chilembo choyamba chofanana ndi ambirimbiri. Ngati journal imabisa mayina kwa owunika, tsamba la mutu likhale fayilo yapayokha, ndipo chotsaninso dzina lanu mu Properties ya Word. Pepala limadutsa mu iThenticate, pulogalamu yofufuza zokopera, kapena ina yofanana nayo. Ndime zokopera, ngakhale kuchokera m'pepala lanu lakale, zimaonekera.

Za ndalama funsani musanatumize. Ma journal ambiri owerengedwa mwaulere amalipiritsa olemba madola mazanamazana kapena masauzande, koma osindikiza ambiri amachotsera kapena kukhululukira olemba a m'mayiko osauka, ndipo pempho lake limachitika potumiza, osati pepala litavomerezedwa. Imelo yokutamandani ndi kulonjeza kusindikiza m'masiku asanu ikayikireni. Fufuzani dzina la journal nokha mu DOAJ ndi mu NLM Catalog, makaundula a ma journal, osakhulupirira zizindikiro zimene aika pa tsamba lawo.

Yankho likabwera loti mukonze, ndiye kuti khomo ndi lotsegula. Kopani ndemanga iliyonse, muiyankhe pansi pake, ndi kutchula tsamba ndi mzere pamene mwasintha. N'chifukwa chake manambala a mizere amafunika kuyambira pachiyambi. Kutsutsa wowunika n'kololedwa ngati muli ndi umboni ndipo mwayankha mwaulemu, koma kudumpha ndemanga ngati simunaione sikuloledwa. Tumizani mafayilo awiri, yosonyeza zosintha ndi yoyera, tsiku loikidwa lisanadutse, kapena pemphani masiku owonjezera nthawi ikadalipo. Pepala likavomerezedwa mudzalandira proof, pepala losanjidwa kale loti mulione komaliza, nthawi zambiri ndi maola 48 kapena 72 okha oti muyankhe. Pamenepo si posinthanso zotsatira. Yang'anani kalembedwe ka mayina a olemba, malo awo a ntchito, nambala ya chilolezo, ndi mizere ya m'matebulo, chifukwa posanja tsamba nambala imatha kutsetsereka n'kukakhala pa mzere wa gulu lina.