Lachitatu: tsiku loyesa valavu

Ndikulemba mochedwa, m'makutu mukadali kulira. Kufakitale yathu ya tiyi kuno ku Thyolo kunabwera woyendera maboyila, ndipo ntchito yaikulu inali kuyesa valavu yotulutsa nthunzi, ija amati safety valve. Tinasonkhezera moto ndi nkhuni za bulugama, tonse maso pa geji. Muvi unakwera pang'onopang'ono mpaka pa mzere wofiira, kenaka phwiii! Nthunzi inatulukira padenga, mbalame m'mitengo balala. Presha itatsika, valavu inadzitseka yokha. Woyendera anagwedeza mutu, n'kumanga waya wake ndi chidindo cha mtovu kuti wina asakhudze sipuling'i.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anali atagwira m'makutu. Akuti, "Bambo, phokoso lonseli, nkhuninso zikungothera m'mwamba. Bwanji tiimange pang'ono kuti isamalire msanga?" Mtima unandigunda. Sindinamukalipire, koma pa nthawi ya tiyi ndinakhala naye pansi.

Ndinamuuza kuti maganizo akewo ndi akale, ndipo anaphetsa anthu. Valavu ya Denis Papin, ya pa mphika wake wofewetsa mafupa wa mu 1679, inali kachitsulo kolemera kopachika pa ndodo. Oyendetsa mainjini a pambuyo pake anazindikira kuti ukawonjezera cholemera pa ndodoyo, injini imakoka mwamphamvu. Mu 1803 ku Greenwich, boyila ya injini ya Richard Trevithick inaphulika n'kupha anthu 4, valavu yake itamangidwa. Ku America mu 1831, wosonkhezera moto m'sitima yapamtunda yotchedwa Best Friend of Charleston anatopa ndi kulira kwa valavu, naitsekereza kuti apeze mtendere. Boyila inaphulika, iye n'kufa nayo. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse, chifukwa munthuyo sanali woipa, anangofuna kuti m'makutu mupume. Ngozi ya ku Greenwich ija itachitika, Trevithick anayamba kuika mavalavu awiri ndi kachivindikiro ka mtovu kosungunuka madzi akachepa, ndipo John Ramsbottom m'zaka za m'ma 1850 anapanga valavu yoti woyendetsa akaikhudza imangotulutsa nthunzi, koma sangaiumitse. Mnyamata uja anamwa tiyi wake osanenanso kanthu. Madzulo ndinamuona akupukuta galasi la geji osatumidwa.

Chimene chandisowetsa tulo ndi china. Masana tinali ndi msonkhano wa ogwira ntchito. Mayi wina wa ku chipinda chosankhira tiyi anaimirira kufunsa za ndalama za ovataimu zimene iye ndi anzake sanalandire. Mawu ake anali akuthwa, inde, ndipo anabwerezabwereza mfundo imodzimodzi, manja akunjenjemera. Wapampando anamudula: "Mayi, khalani pansi, nkhani imeneyo si ya lero." Anakhaladi pansi. M'chipinda monse munangoti zii, ndipo ena anapuma ngati zatha bwino.

Ine bata limenelo linandiopsa kuposa phokoso la m'mawa. Zaka zonse ndakhala pafupi ndi moto, ndikudziwa kuti boyila yomangidwa valavu imakhala phee, yaulemu, mpaka nthawi yake itakwana. Amayi ena atatu amene anakhala pambali pake sanayankhule, koma nkhope zawo ndinaziona.

Ndinakumbukira amayi anga pamtondo. Akakhumudwa ndi abambo sankawayankha pamaso. Ankayamba nyimbo akusinja, munsi ukugunda, anzawo akuvomera, mudzi wonse n'kumva kuti m'nyumba mwathu mchere watha pamene mowa sunaphonyedwe. Palibe ankawaletsa kuimba. Koma chimene ndimalemekeza nacho abambo n'chakuti ankamva ali pakhonde, ndipo mawa lake mchere unkapezeka.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa akamati anthu angolankhula kuti mtima uphwe. Valavu sizimitsa moto. Ikalira kawiri katatu pa shifiti yanga, sindiiyamikira. Ndimathamanga kukachepetsa mphepo ndi nkhuni, chifukwa vuto lili kung'anjo. Ndakhalapo pa misonkhano imene aliyense amapatsidwa mpata wolankhula, mlembi n'kulemba zonse bwinobwino, koma mwezi wotsatira madandaulo ali omwewo. Kumeneko ndi kutayitsa anthu mpweya chabe. Lero ngakhale mpata umenewo mayi uja sanaupeze, ndipo ine amene ndinali nditangophunzitsa mwana za Charleston ndinangokhala, chipewa pabondo.

Poweruka ndinawapeza mayiwo pageti akumanga chitenje. Ndinati, "Mayi, mawa mubwere ndi mapepala anu a malipiro, auzeninso anzanu aja. Tikaonane ndi akapitawo limodzi." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Chabwino, bambo, tibwera." Shifiti yanga iyamba 5 koloko, ndiye ndapempha mnzanga andigwirire moto kuyambira 9 koloko.