Malovu satchula dzina

Agogo anga aamuna, amene anabereka bambo anga, anamwalira asakudziwa bambo awo. Mayi awo nkhaniyi sankaifuna, ndipo anapita nayo kumanda. Pomwe ndinkayamba kuphunzira zoyeza DNA, ndinkaganiza kuti ndikalavulira m'kabotolo n'kutumiza, pakatha milungu ingapo dzina la munthuyo lidzatuluka pakompyuta. Chomwe chinatuluka ndi mndandanda wa anthu achilendo, aliyense ali ndi nambala pambali pake.

Manambalawo anandizunguza mutu masiku ambiri. Amawerengedwa mu ma centimorgan, mwachidule cM, ndipo amasonyeza kuchuluka kwa DNA imene anthu awiri akufanana chifukwa chochokera kwa kholo limodzi. Munthu ali ndi makromozomu 46, timaphukusi tonyamula DNA, theka ochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Choncho kwa agogo aliyense timatengako pafupifupi 25 peresenti, kwa makolo a agogowo pafupifupi 12.5 peresenti, kumangochepa ndi theka m'badwo uliwonse. Apa m'pamene ndinaona kuti ndinayambira polakwika. Woyenera kuyezedwa poyamba sanali ine koma azakhali anga, amene ndi mdzukulu weniweni wa munthu ndikumufunayo, ndipo gawo lake ali nalo lochuluka kawiri kuposa langa. Ndinakhala nawo pansi n'kuwauza mosabisa kuti zotsatira zikhoza kuvumbula zinthu zosayembekezeka. Anaganiza kwa kanthawi, kenako anati, "Bambo anga ankafunitsitsa kudziwa. Bweretsa kabotoloko."

Chomwe chinanditsegula maso ndi njira imene Dana Leeds, wofufuza mbiri ya mabanja, anaifalitsa mu 2018. Umatenga anthu amene ukufanana nawo pakati pa 90 ndi 400 cM, n'kupaka mtundu umodzi onse amene akufanananso okhaokha. Zikayenda bwino pamatuluka magulu anayi, lililonse loimira mmodzi mwa agogo anayi a woyezedwayo. Kwa azakhali, magulu atatu anali ndi mayina amene ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili mwana. Lachinayi linali laling'ono, lopanda dzina ngakhale limodzi lodziwika pabanja pathu. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali usiku umenewo, mtima ukugunda.

Koma phunziro lalikulu linali lisanafike. Mayi wina amene amafanana ndi onse a m'gulu lachinayilo anali pamwamba pa mndandanda wa azakhali, nambala yake itapitirira pang'ono 400. Ndinathamangira kunena kuti ameneyu ndi mdzukulu wa munthu wathu uja kudzera mwa mkazi wina. Nditayang'ana tchati chosonyeza ma cM a ubale uliwonse, cha Shared cM Project ya wofufuza Blaine Bettinger, chomwe chili pa webusaiti ya DNA Painter, ndinapeza kuti ubale woterowo umakhala cha m'ma 450, koma mwana wa mchimwene wake wa munthuyo angakhalenso cha m'ma 430. Nambala imodzi, nkhani ziwiri zosiyana kotheratu. Ndinaganiza zoyezetsa Y-DNA, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna osasintha kwenikweni, ndipo ine ndili nayo ya munthu yemweyo. Koma abale aamuna a bambo mmodzi amakhala ndi Y yofanana, ndiye singasiyanitse mkulu ndi mng'ono wake.

Makina anandifikitsa pakhomo pa banja, koma kuloza munthu weniweni ndi ntchito ya makalata akale, mabuku a ubatizo, zaka zobadwa, ndi funso loti mwa ana aamuna a m'banjamo ndani anali pafupi ndi mayi a agogo chaka chimene anatenga pathupi. Panopa ndatsala ndi abale awiri, ndipo m'kope mwanga onse ndawalemba ndi pensulo.

Uthenga wopita kwa mayi uja ndaulemba kanayi. Kwa ine ndi kusaka kholo, koma kwa iwo ukhoza kukhala uthenga woti agogo awo kapena mchimwene wa bambo awo anali ndi mwana amene banja silinamumvepo. Azakhali akuti ndiwawerengere kaye ndisanautumize.